Tepi Yobedwa mu Uvuni

Sajeni Beverley Staniforth anali atagwirapo akuba galimoto, akuba mtovu wa padenga la tchalitchi, ngakhale mkulu wina amene ankaba njiwa za mipikisano. Koma wakuba chinthu chili pamoto anali asanamuonepo, mpaka Lolemba limenelo.

"Mlandu uwu watha kale," anatero bwana wake, Insipekitala Rowbotham, akumukankhira faelo. "Kamera ya pasitolo yoyang'anizana ndi situdiyo inamujambula akulowa, inamujambulanso akutuluka ndi kanthu kukhwapa. Bokosi la tepi yobedwayo talipeza pansi pa bedi lake. Mwini wake wangoti duu. Tinamugwira dzulo 5 koloko madzulo, ndiye lero nthawi yomweyo ikamakwana tikhale titamutsegulira mlandu. Mukufunanso chiyani, mayi? Kalata yochokera kumwamba?"

"Bokosi mwalipeza. Nanga tepi?"

"Akatiuza kukhoti."

Munthu amene anali m'chitokosiyo anali Desmond Pinder, amene Sheffield yense amamutcha Dez. Kwa Rowbotham, yemwe anakulira kwina ndipo nyimbo amangozimvera m'chikepe chokwerera nyumba zosanja, Dez anali dalaivala wa kabasi konyamula nkhalamba kupita nazo kuchipatala. Kwa Beverley anali mmodzi mwa anthu atatu a gulu la Cinder Bank. Chaka cha 1990, mafakitale a zitsulo ali mkati motseka, gululi linajambula nyimbo yotchedwa Furnace Hour, ya ng'oma za makina ndi mawu a mkazi okwera mpaka kudenga. Anadinda mbale za nyimboyo mazana asanu zopanda chithunzi, n'kumazigulitsa kumbuyo kwa galimoto. Pofika Khirisimasi nyimboyo inali pa nambala 7 m'dziko lonse. Beverley anaivina ali ndi zaka 19 m'nyumba zosungiramo zitsulo zimene eni ake anazithawa, mpaka nsapato inasiya chidendene pansi. Zimenezi bwana wake sanamuuze.

Tsopano papita zaka 25, ndipo gululi linkafuna kutulutsanso mbale zake zonse zisanu ndi zinayi m'bokosi limodzi. Matepi enieni amene nyimbozo zinajambulidwapo anawatengera kusitudiyo yakale, ndipo Lamulungu masana imodzi inasowa, ya Furnace Hour. Dez anali ndi zaka 51 ndi ntchito imodzi yokha. Munthu wa mlandu wothyola nyumba samupatsanso makiyi a basi ya nkhalamba, ngakhale khoti litadzamumasula m'tsogolo. Ikangokwana 5 koloko, ntchito imeneyo yapita.

Wotchi ya pakhoma inali pa 10 koloko.

* * *

Dez anali chimunthu chachitali cha imvi m'ndevu. Anakhala atapinda manja ngati akudikira basi imene akudziwa kuti sibwera.

"Bambo Pinder, ndine Sajeni Staniforth. Tiyi akupatsani?"

"Andipatsa madzi ofiirira. Mwina ndi ameneyo."

Beverley anaika bokosi patebulo. Linali la katoni, lafulati, lachikasu ndi ukalamba. Atalitsegula, mkati mwa chivundikiro munaoneka kadzuwa kojambulidwa ndi bolopeni, pansi pake zilembo ziwiri: M.P.

"M.P. ndi ndani?"

Dez anayang'ana khoma.

"Chabwino. Munalowa nthawi ili 12:10, munatuluka 12:25. Mphindi khumi ndi zisanu mumatani?"

"Ndinatenga bokosi. Zimenezo lembani, ndisayina. Tepi ndinaisiya ikuphikidwa."

"Ikuphikidwa?"

"Kafunseni a Marples, eni situdiyo. Ine ndine dalaivala."

"Bokosi lopanda kanthu mumafuna mulitani?"

"Masokosi anga alibe pokhala."

Beverley sanaseke, ngakhale kuseka kunamufika pakhosi. "Mutatuluka munalowera kuti?"

"Kumene ndimalowera Lamulungu lililonse. Bambo anga ali kunyumba ya okalamba ku Pitsmoor. M'busa wopuma, zaka 91, supuni sagwiranso. Chakudya amagawa 12:45, ndimawadyetsa ndine. Anzanu aja sanandifunse zimenezo."

"Lachisanu munauza a Alan Froggatt, mnzanu wa m'gulu, pamaso pa anthu, kuti tepi imeneyi sadzaimvanso."

"Ndinatero."

"Chifukwa chiyani? Bambo Pinder, ndithandizeni kuti ndikuthandizeni. Mukapanda kulankhula ntchito yanu ithera pano."

Apo ndiye Dez anamuyang'ana m'maso koyamba. Anali ndi mantha, zinkaoneka, koma pakamwa anali atatseka kalekale.

"Mayi," anatero, "pali malonjezo ena oti amene akanakumasula anagona kale."

* * *

Alan Froggatt ankakhala kumapiri kunja kwa mzinda, m'nyumba ya miyala imene anagula ndi nyimbo zotsatsira mafuta ochapira tsitsi. Anali wamfupi, wadazi, ndipo pakamwa pake panalibe mabuleki.

"Wapolisi wodziwa Cinder Bank? Lowani, achemwali, lowani! Taonani khoma ili." Mbale zisanu ndi zinayi zinali m'magalasi, ndipo anayamba kuziloza ndi supuni ya tiyi. "Furnace Hour, 1990, mukuidziwa. Ichi ndi Soot Sunday, chimbale choyamba, tinachipangira m'khitchini mwa amayi anga ndi makina ogula kwa mkulu wina amene ankaganiza kuti afa. Tram to Nowhere Much, 1993, chimene chinatifikitsa ku Japan, Dez n'kudwala m'ndege ulendo wonse. Cold Rolling anthu a nyuzi anachinyoza mpaka ndinasiya kugula nyuzi, lero omwewo akuti ndiye chabwino koposa. Anthu! Mu 1999 tinakangana pabwalo la ndege, aliyense n'kukwera takisi yake. Tinadzabwererana 2006 ndi Low Water, koma pamenepo mawondo anali atayamba kulira kuposa ng'oma."

"Lachisanu munakangana chiyani?"

"Ndinangowauza kuti m'bokosi latsopanoli tiikamo zonse zimene zili pamatepi, osati nyimbo zokha. Kutsokomola, kutukwana, kuseka, zonse. Masiku ano anthu amagula zimenezo. Basi Dez dzambatu, mpando uko! Yvonne, woimba wathu, anangoti zii, kuyang'ana zikhadabo zake."

"Pa tepi yosowayo pali chiyani?"

Alan anamwetulira ngati mwana amene wabisa switi m'tsaya. "Chimene chigulitse bokosi lonse. Mudzawerenga m'nyuzi, achemwali. Komatu popanda tepi ndi nkhambakamwa chabe, n'chifukwa chake ndikuifuna."

"M.P. ndi ndani?"

"Tiyi wina?"

Beverley anasiya zimenezo. "Makiyi a situdiyo ali ndi ndani?"

"A Marples, ine, ndi Dez. Ndipo musandiyang'ane choncho, ine dzulo kuyambira 12 mpaka 2 koloko ndinali pawailesi ku Leeds, kulankhula pompopompo. Mboni zanga ndi zikwizikwi."

"Nanga a Yvonne?"

Alan anaseka mpaka tiyi anatayikira pakapeti. "Yvonne Ollerenshaw ndi matepi? Amene uja ketulo yomwe imamuvuta! Iye ndi nkhope ndi maikolofoni basi. Dzulo anali kunyanja ku Cleethorpes, kuimbira anthu a zimimba ngati ine nyimbo yomwe ija. Akuti ananyamuka 11 koloko m'mawa. Ayi, ndi Dez. Zikundiwawa, tinakulira msewu umodzi, koma ndi Dez."

Sizinkaoneka kuti zikumuwawa kwambiri. Beverley anatuluka nthawi itadutsa 12 koloko.

* * *

Situdiyo inali ku Attercliffe, m'nyumba ya njerwa zakuda, khomo lake lakutsogolo kumsewu, kumbuyo kwake ngalande ya maboti. A Clive Marples anali ndi zaka 78, juzi yobooka pazigongono, ndipo ankalankhula mokweza ngati anthu onse amene moyo wawo wathera pafupi ndi masipika.

"Kuphika, inde, kuphika!" anatero, akumutsogolera kukachipinda kakumbuyo kumene kunali uvuni yachitsulo. "Matepi a zaka zimenezo guluu wake amamwa chinyezi. Mukaiika pamakina osaiphika, nyimbo yonse imatsalira pazitsulo ngati matope, ndipo siibwereranso. Ndiye timaphika. Maola asanu ndi atatu, moto wochepa, kutentha kwa tiyi woti mungamwe osapsa. Ola lililonse belu likalira, mumatembenuza, kuti mbali imodzi isapse. Ikatha, muisiye izizire yokha momwemo. Osaithamangitsa."

Belulo linali kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati phwetekere, kopukusa ndi dzanja. Sikapitirira ola limodzi.

"Dzulo zinayenda bwanji?"

"Ndinayatsa 8 koloko m'mawa, onse asanu ndi anayi. Itakwana 12 ndinatembenuza, ndinapukusa belu, n'kupita kubala kuseriku kukadya nyama yootcha ya Lamulungu. Ndimati 1 koloko indipeza ndabwerako. Koma dzulo mbatata anachita kukakumba kumunda. Ndinafika 1:40, kuwerenga, asanu ndi atatu. Ndinaimbira Alan, Alan n'kuimbira inu."

Ankalankhula akutembenuzatembenuza kaphwetekere kaja m'manja, osamuyang'ana. Beverley anali atafunsapo nkhalamba zambiri, ndipo ankadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

"Madala, pali chimene anzanga simunawauze."

A Marples anakhala pampando mwapang'onopang'ono. Mawu awo anatsika.

"Mwana wanga wamkazi akufuna kundichotsa pano. Akuti mutu wayamba kutaya, akandiike kumene amadyetsa anthu ndi supuni. Ndiye zina ndimangozisunga." Anaika kaphwetekere kaja patebulo. "Nditalowa, belu linali likuyendabe, zitatsala mphindi makumi awiri. Ndipo matepi anali zilembo kumwamba. Ine 12 koloko ndimasiya zilembo pansi, zaka zonsezi. Ndinati basi, Clive, zayambika. Watembenuza molakwika, wapukusa molakwika, kapena unabwera 1 koloko n'kuiwala kuti unabwera. Usiku sindinagone."

Beverley anatenga kawotchiko. Ka ola limodzi. Ngati pa 1:40 kanatsala ndi mphindi makumi awiri, ndiye kuti wina anakapukusa 1 koloko yeniyeni. Nthawi imeneyo a Marples anali kudikira mbatata, Alan anali pawailesi, ndipo Dez, ngati sananame, anali ndi supuni m'manja ku Pitsmoor.

"Simunaiwale kanthu, madala. Mutu wanu uli bwinobwino. Wakubayo anali muno belu likulira. Anatenga tepi yake imodzi, koma enawo sanathe kuwasiya kuti apse mbali imodzi. Anawatembenuza, napukusanso belu."

A Marples anangoti kukamwa yasa. Kenaka anapumira m'mwamba, maso atadzaza misozi ya munthu amene wapulumuka.

"Dez angachite zimenezo? Kapena Alan?"

"Amenewo? Ana a mabatani! Dez atandiona koyamba ndikuphika anandifunsa ngati ndathira mchere. Zotembenuza ndi belu ndi zanga ine, ena sachita. Amene amazidziwa ndi okhawo ndinawaphunzitsa ndi dzanja langali, ndipo alipo atatu. Wina anamwalira. Wina ali ku Canada."

Anaima pamenepo. Nkhope inasintha.

"Wachitatu, madala?"

"Gulu litatha mu 1999 anabwera kudzapempha ntchito. Anakhala nane zaka zinayi. Ankalowera khomo lakungalande kuti anthu asaone kuti mfumukazi ya pakanema ikupukuta makina, ndipo Alan mpaka lero sadziwa. Manja abwino ngati amenewo sindinawaonenso." Anayang'ana khomo lakumbuyo, kumene kamera ya pasitolo sikuona. "Kiyi sanabweze. Nanenso loko sindinasinthe."

* * *

Ali m'galimoto, Beverley anaimba mafoni awiri. Kunyumba ya okalamba anati inde, a Pinder aang'ono anafika 12:40 n'kuchoka 2 koloko, atakangana ndi bambo awo pa nkhani ya kabichi. Ku Cleethorpes, mkulu wokonza zoimbaimba anati Yvonne anafika 3:30, ali wefuwefu, patatsala theka la ola kuti akwere pansanja. Kuchoka ku Sheffield kukafika kumeneko ndi maola awiri osakwana. Munthu wonyamuka 11 koloko akanafika n'kudya nsomba ndi tchipisi kawiri.

Yvonne Ollerenshaw ankakhala ku Walkley, m'nyumba zogundizana za pamsewu wotsetsereka. Anatsegula chitseko atavala gauni yapanyumba, ndudu m'kamwa, tsitsi lofiira lija lili momwe Beverley ankalidziwira. Chithunzi cha mayi ameneyu chinakhala pakhoma la chipinda cha Beverley zaka zitatu, pamwamba pa bedi.

"Apolisi? Ngati ndi za galimoto yanga, mwana wanga, phiri ili mabuleki ake ndi pemphero."

"Ndi za tepi, mayi Ollerenshaw."

"Ndamva. Zachisoni. Ine ndinali kunyanja tsiku lonse. Lowani, koma musayang'ane m'nyumbamu."

Beverley anayang'ana. M'khitchini, mapoto ndi mathireyi onse amene anthu amasungira mu uvuni anali ataunjikidwa pansi. Pachitofu panali kachipangizo koyezera kutentha ndi kawotchi ka belu. Pachitseko cha uvuni panamatidwa pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: OSATSEGULA.

"Mukuphika keke?"

Yvonne anachotsa ndudu pakamwa.

"A Marples anayatsa 8 koloko," anatero Beverley. "Inu munaichotsa 1 koloko. Inatsala ndi maola atatu."

Kunja kunadutsa basi, mawindo n'kunjenjemera. Yvonne anakoka mpando nakhala.

"Atatu ndi theka," anatero. "Inazizira m'njira, ndinawonjezera theka." Anaseka kuseka kowawa. "Belu lija, eti? Ndinangomva ngrrr, manja n'kupita okha. Ndinazindikira ndili kale pa msewu wa kunyanja. Madzi saiwala khwawa, mwana wanga."

"Mumafuna kuitani?"

"Kuiponya m'nyanja. Ndinaikulunga m'chikhoti, ndinayenda nayo mpaka kumapeto kwa kamlatho kolowa m'madzi kaja. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, mbalame zikundizungulira. Moyo wanga wonse sindinawonongepo tepi, ngakhale ya kwaya ya ana asukulu. Ndinabwera nayo, m'mawa uno ndaimalizitsa."

"M.P. ndi ndani?"

Yvonne anazimitsa ndudu m'sosala, nayamba kulankhula akuyang'ana pepala la pauvuni.

"Marcia Pinder. Mlongo wake wa Dez. Ankaimba kwaya kutchalitchi kwa bambo ake. Loweruka lina masana Dez anamunyengerera, anabwera kusitudiyo atavala siketi ya kutchalitchi, anaimba katatu, anajambula kadzuwa m'bokosi, n'kuthamangira kukaphunzira kwaya. Ine ndinali chibwenzi cha Alan, ndinabwera ndi masangweji. Nyimbo itaphulika, a kanema anafuna nkhope. Marcia anati bambo ake akamva kuti mawu a kuguwa akuvinidwa ndi anthu osavala malaya, afa, kapena amupha iyeyo. Anamulumbiritsa Dez. Ndiye Alan anatembenuka n'kundiyang'ana ine."

"Munangoyendetsa milomo."

"Chaka choyamba. Kenaka ndinaphunzira kuiimba, movutika, pansi pake pang'ono. Mbale zina zisanu ndi zitatuzo ndi mawu anga enieni, mpaka ndinatupa pakhosi ku Japan. Ndani amazifunsa? Kulikonse ndikapita, Furnace Hour, Furnace Hour. Zaka 25 ndikudya ndi pakamwa pa munthu wina." Anapukuta mphuno ndi mkono wa gauni. "Marcia anatisiya mu 1997, khansa, ali ndi zaka 29. Pa tepi imeneyo a Marples akumutchula dzina. Alan akufuna dziko lonse limve, kuti bokosi ligulidwe."

Beverley anamva kuwawa kumene sanakuyembekezere, ngati wina wamubera iyeyo. Mawu amene anawavina mpaka kuthyola chidendene sanali a mayi wa pakhoma uja. Koma wotchi inali pa 3:15, ndipo za mtima wake zikanatha kudikira.

"Mukudziwa kuti Dez wagona m'chitokosi?"

"Ndamva m'mawa."

"Ndipo mwangokhala."

"Ndimadikira tepi izizire." Yvonne anatseka maso. "Bodza. Ndimaopa. Ndimati mwina amutulutsa okha. Dez akudziwa kuti ndine, sangalephere kudziwa, koma sanganditchule popanda kutchula mlongo wake. Ndinadalira zimenezo. Ndine munthu woipa, eti?"

"Zimenezo si za apolisi. Valani nsapato. Yazizira?"

Yvonne anaimirira, anamatula pepala lija, nagwira tepi ndi kumbuyo kwa dzanja monga mayi amayesera mphumi ya mwana.

"Yazizira."

* * *

Rowbotham sanakondwe. Anafunsa kawiri ngati Beverley akufunadi kuti iye akauze akuluakulu kuti mlandu wagwa chifukwa cha phwetekere wa pulasitiki. Koma 4:10 Dez anapatsidwa lamba wake, zingwe za nsapato ndi makiyi a basi. Za bokosi, a Marples anati katoni ndi yawo ndipo amupatsa.

Panatsala kutsimikiza kuti tepi yopezekayo ndi yomweyo, ndipo njira yake inali imodzi. Anakumana onse kusitudiyo. Alan anafika akulankhula kale ali pakhomo, za maloya, za nyuzi, za mmene iye anadziwira kuyambira pachiyambi kuti Dez sangachite zotero. Yvonne anaima pakona, wapolisi wamkazi pambali pake. Dez analowa pomaliza, ndipo Yvonne sanamuyang'ane n'komwe.

Beverley anamukokera pambali. "Ndikudziwa za Marcia. Simunanene ndinu. Lonjezo lanu lili chilili."

Dez anagwedeza mutu. "Dzulo ndinabwera kudzaiba ine," anatero chapansipansi. "Ndinaima patsogolo pa uvuni mphindi zonse zija. Ndinalephera. Ndinangotenga kadzuwa kake."

A Marples anayesa kukoleka tepi pamakina, koma nsonga inkangowapulumuka. Anayesa kachiwiri. Kenaka, osatembenuka, anati, "Yvonne, tabwera."

Wapolisi uja anayang'ana Beverley, Beverley n'kuvomera ndi mutu. Zala za Yvonne zinadutsitsa tepi m'tizitsulo tonse kamodzi n'kamodzi, mosaphonya. Alan anasiya kulankhula.

Magudumu anayamba kuzungulira. Poyamba kunamveka mpweya wokha. Kenaka mawu a a Marples a zaka zija, opanda kunjenjemera: "Marcia, takonzeka. Kachitatu."

Mtsikana anaseka m'masipika, pafupi ngati ali m'chipindamo.

"Dez, wasiya kundiseka? Iwe, ukakangonena kwa adadi, ndikuthyola miyendo yonse iwiri. Chabwino, a Marples, tiyeni, ndichedwa kwaya."

Ng'oma zinalowa, besi inagwedeza makapu pashelefu, ndipo mawu aja anakwera. Beverley anali atawamva kambirimbiri, m'magalimoto, m'maukwati, m'masitolo. Anapeza kuti wagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mwamva?" anatero Alan, maso akuwala. "Mwamva zimenezo? Anthu akadzangomva..."

"Alan," anatero Dez, osakweza mawu, "bambo anga akadali moyo. Tseka pakamwa."

Alan anatseka.

Nyimbo inatha, nsonga ya tepi n'kumamenya chitsulo, phya, phya, phya, mpaka Yvonne anaimitsa makina. Dez anali atakhala pa bokosi la sipika, zingwe za nsapato zikadali m'manja. Nyimbo ya mlongo wake ankaimva chaka ndi chaka, ngakhale pa wailesi ya m'basi, nkhalamba zikuomba m'manja. Koma kumumva akulankhula, akumulalatira, panali patapita zaka 18.

"Bwezani," anatero Dez.

"Mwana wanga," anatero a Marples, "tepi yakalamba iyi. Tisanaikopere, ulendo uliwonse ikadutsa pamakina imasiyapo kanthu."

"Nyimboyo ayi. Poseka paja."

A Marples anayang'ana Yvonne. Yvonne anali ataika kale chala pa batani.